Ntchentche Zokhotera Kumanzere

M'nyumba yathu ya kafukufuku ku Hsinchu, tawuni ya pachilumba chathu chino, mulibe makina amene amagwira ntchito popanda paketi yobiriwira pamwamba pake. Pansi penipeni pali anzathu oyeza tinthu tochepetsetsa, aja amasanja maatomu limodzilimodzi n'kumatikalipira tikayenda ndi nsapato zagogoda. Pamakina awo pali paketi. Ine ndili pansanjika yachiwiri, ndimayang'anira makompyuta osunga DNA ya tizilombo, ndipo kabati iliyonse ili ndi paketi yake. Pamwamba panga pali oulutsa ntchentche. Kudenga kwenikweni kuli a nyenyezi, amene amayenda ngati zapansi pano siziwakhudza, koma kwerani mukaone: pamakina awo amaikapo awiri, kuopa kuti imodzi ingachepe mphamvu.

M'paketimo mulibe chachilendo. Ndi mbuliuli za chimanga zotsekemera, za fungo la kokonati, zomwe ana amadya akaweruka kusukulu. Malamulo ake aliyense amawadziwa. Ikhale yobiriwira, chifukwa yachikasu imaitana mavuto. Isapitirire tsiku lake. Ndipo munthu asayerekeze kuidya, njala ingamupotokole chotani. Mukatero makina amakhala omvera. Ine, Yeh Hsiu-man, ndili ndi digiri ya udokotala ndipo sindikhulupirira zimenezi ngakhale pang'ono. Komanso sindinapenge kuti ndikachotse paketi pamakompyuta anga.

Fan Pei-shan amanditcha achemwali, poti ndinamutsogolera pasukulu imodzi. Ndi kamtsikana kafupi, kothamanga pa chilichonse, kamakani ngati mphepo ya tawuni yathu ino. Ntchito yake inali pa mpita wa mphepo, bokosi lalitali lagalasi lokhala ndi fani kumapeto ndi makamera othamanga amene amagwira kukupiza kulikonse kwa phiko. M'menemo ankaulutsiramo ntchentche zing'onozing'ono zija zimazungulira nthochi zakupsa.

Zimene anapeza mukanatha kumufotokozera ngakhale wogulitsa tiyi pageti. Ukachotsa jini inayake, kachidutswa kamodzi ka DNA, ntchentchezo zimakhotera kumanzere pouluka, pamene zinzake zabwinobwino zimapita molunjika. Iye anati jini imeneyo ndiyo imawongolera mapiko. Zaka zinayi za moyo wake, ndi digiri yake yonse, zinatsamira pa kukhota kumeneko.

Mkulu wa labu yawo ndi Pulofesa Tseng, amene aliyense amawatcha abwana. Si munthu woipa, koma salankhula nkhani molunjika. Amaizungulira mpaka iweyo udzibaye wekha. Lolemba lililonse pamakhala msonkhano, ndipo ine ndimakhalapo poti ndine ndimasunga makanema awo onse. Pamsonkhanopo wamng'ono ndiye amathirira abwana tiyi, ndi manja awiri. Pei-shan sanalinso wamng'ono pa onse, koma ankathirabe ndi iye chifukwa ankadziwa mmene abwana amaufunira.

Lolemba limenelo anathira tiyi monga mwa nthawi zonse, n'kukhala pansi.

"Pei-shan," anatero abwana akutembenuza kapu m'manja, "a Pulofesa Kuramochi a ku Sendai, kutsidya kwa nyanja, ayesa ntchentche zako zija tinawatumizira. Akuti zikuuluka molunjika ngati sitima."

"Ayesenso, abwana. Mwina mphepo yawo achulutsa."

"Ayesa mobwerezabwereza, anthu aja satopa msanga." Anamwako tiyi pang'ono. "Kaya, mwina pali makanema ena amene unawaona kuti sanatuluke bwino, n'kuwaika padera? Zimachitika munthu ukatopa."

Aliyense anamva zimene zanenedwa: akuti mwanayu waphika zotsatira.

"Palibe kanema amene ndinabisa," anayankha Pei-shan, mawu ali phee.

Ine mtima unandipsa. "Abwana, makanema onse ali kwa ine. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafufutidwa."

"Kompyuta imasunga zimene yapatsidwa, Hsiu-man," anatero. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ankanena zoona. Kenako anatembenukira kwa Pei-shan. "Lachisanu ndidzabwera kudzaona ndi maso anga. Zikadzakhota, ndidzalembera ku Sendai kuti aunikenso makina awo. Zikadzapanda kukhota, nkhaniyi ndidzaipereka ku komiti yofufuza za chinyengo."

Komiti imeneyo ikangotchula dzina lako, basi. Ngakhale ikupeze wosalakwa, palibe labu pachilumba chino imene ingakulembe ntchito. Chilumba n'chaching'ono, ndipo asayansi ake onse anadyerapo limodzi paukwati winawake.

Msonkhano utatha anthu anapita kokagula mpunga, koma Pei-shan analunjika kuchipinda cha mpita uja, ine ndili pambuyo. Ankaponda mwamphamvu moti sipanapite nthawi, a Lo Chin-fa a pansi penipeni aja anatulukira pakhomo akupuma mothamanga. A Lo ndi mkulu pa tonse m'nyumbamo, ndipo kwa iwo phazi lililonse ndi chivomezi.

"Ndani akugwetsa nyumba kuno? Maatomu anga akuvina!"

Pei-shan anazungulira kuseri kwa mpita, anafika pamene pali injini ya fani, anamatula paketi yobiriwira ija, anaing'amba, n'kuyamba kudya.

"Iwe! Iwe mwana iwe! Wapenga?" A Lo anagwira mutu ndi manja awiri. "Lavula! Lavula msanga!"

"Zaka zinayi ndikuipatsa ulemu, achimwene. Kuipukuta fumbi ngati chithunzi cha agogo. Yandithandiza chiyani?" Anatapanso zina n'kundilozetsa paketiyo. "Achemwali, lawani. Zafewa, zalowa mphepo, koma zikudyeka."

"Ine ayi, ndili ndi makompyuta oti ndiwasamale," ndinatero.

"Ndiye mwayamba bwino," anatero a Lo. "Anthu ophunzira, kudya chakudya cha makina! Ine sindinaone kanthu, musadzanditchule."

Anatsika akung'ung'udza, ndipo madzulo ake tinamva kuti a pansi awonjezera mapaketi pamakina awo onse. Pa mpita uja palibe amene anaikapo ina. Pamenepo amaikapo ndi abwana okha, ndi dzanja lawo, ndipo panalibe wolimba mtima woti akawauze kuti yakale ija ili m'mimba mwa munthu. Pei-shan anatha masiku otsalawo akutsuka magalasi ndi kudyetsa ntchentche zongoswa kumene kuti zidzauluke zili ndi mphamvu. Sankaopa. Anali ataziona zikukhota kambirimbiri, ndipo maso ake ankawakhulupirira. Inenso ndinkawakhulupirira.

Lachisanu abwana anakhala pampando kutsogolo kwa galasi, manja atapinda. A Lo anabwera okha osaitanidwa, akuti kudzaonetsetsa kuti tisaponde mwamphamvu. Pei-shan anayatsa fani, anatsekula kachitseko, ntchentche yoyamba inanyamuka. Inauluka molunjika mpaka kumapeto. Yachiwiri chimodzimodzi. Anatsekula botolo lina, kenako linanso. Zonse zinkangodutsa pakati penipeni ngati zalangizana, osayang'anako n'komwe kumanzere.

Abwana sanakalipe. Anaimirira, anakonza jekete, n'kunena kuti, "Kalata ya ku komiti, Lolemba." Atatero anatuluka.

Ndinamumvera chisoni mwanayo mpaka ndinalephera kumuyang'ana kumaso.

"Ndinanena ine," anatero a Lo motsitsa mawu. "Makina akwiya."

Pei-shan anali ataima pagalasi, maso ali gwa, opanda msozi. Anatembenuka pang'onopang'ono. "Achimwene, tabwerezani."

"Ndati makina akwiya. Unadya paketi yawo, umati atani?"

"Achemwali," anatero akundiyang'ana, "chasintha n'chiyani m'chipinda muno kuyambira sabata yatha? Ntchentche ndi mtundu womwewo. Fani ndi yomweyo. Kutentha n'komweko."

"Usandiuze kuti nawenso wayamba zimenezi."

"Sindikunena za mizimu ine. Ndikunena za fungo. Paketi ija imakhala pati? Pa injini, pafupi ndi polowera mpweya, mbali ya kumanzere."

"Paketi yomata sinunkha, mwana iwe," ndinatero.

"Nanga n'chifukwa chiyani mbuliuli zija zinali zofewa?"

Tonse tinayang'ana mu bini kufuna pepala la paketi ija, koma zinyalala zinali zitachotsedwamo kale. Apo a Lo anatsokomola, akuyang'ana kudenga.

"Chikhala kuti wina anatola pepala lake lija n'kulisunga bwinobwino mu dirowa," anatero, "osati chifukwa cha mantha, koma ulemu chabe, mungamuseke?"

"Tikusekani mawa, achimwene. Thamangani!"

Anathamangadi, munthu amene amaletsa anzake kuthamanga. Anabwera ndi pepala lobiriwira lija atalipinda mwaulemu, ndi galasi lokulitsira zinthu. Munthu amene amaona maatomu sangalephere kuona bowo la singano. Analipeza pakona yam'mwamba, lozungulira bwino, loonekeratu kuti linabooledwa dala.

Ine ndinatsikira kumakompyuta anga n'kufufuza jini ija. Miyezi ingapo m'mbuyomo gulu lina la asayansi akunja, la ku Daejeon, linali litaika m'nkhokwe ya tonse ya pa intaneti zotsatira zatsopano, zosonyeza mbali ya thupi imene jini iliyonse imagwira ntchito. Ya Pei-shan inkaoneka pang'ono chabe m'minofu ya mapiko. Kumene inkagwira ntchito kwambiri kunali m'tinyanga ta kumutu, timene ntchentche imanunkhizira. Ndinakwera masitepe awiriawiri, maatomu a a Lo avine asavine.

"Ndiye kuti ukaichotsa, mphuno imatsekuka mopitirira," anatero Pei-shan nditamuonetsa. "Zabwinobwino sizikamva kafungo kochepa chonchi. Zangazi zimakamva, n'kumakatsatira m'mbali mwa galasi. Ku Sendai kulibe kokonati." Anatembenuza pepala lija m'manja. "Koma waboola ndani?"

A Lo anakhala pansi. "Mayo ine. Inu munali musanabwere. Chaka china paketi inafufuma ndi kutentha kwa injini mpaka inaphulika, phuu! Sabata yomweyo kamera yodula inafa. Kuyambira pamenepo a Tseng akamaika yatsopano amaibaya kaye ndi kasingano kaja amabayira tizilombo, kuti izipuma. Ndinawaonapo ndi maso angawa."

Amati tsoka silinunkha, koma lathuli linkanunkha kokonati. Zaka zonsezi Pei-shan analemba chilichonse cha m'chipindamo, liwiro la mphepo, chinyezi, kuwala, ngakhale mtundu wa nthochi zodyetsera. Paketi yokha palibe anailemba, chifukwa kwathu kuno paketi yobiriwira pamakina munthu suiona, monga suona mphuno yako.

"Ndikupita kuofesi kwawo pompano," ndinatero. "Akamve kuti wophika zotsatira ndi ndani."

Pei-shan anandigwira mkono. "Ayi, achemwali. Mukakawauza choncho akakana, chifukwa akakhala akuteteza nkhope yawo. Adzionere okha."

"Koma ukudziwa tanthauzo lake? Zikakhala zoona, nkhani yako ya mapiko ija yafa. Zaka zinayi."

"Ingofa basi," anatero. "Digiri ndilemba ina. Dzina ndilibe lina."

Lolemba m'mawa, msonkhano usanayambe, anakagogoda kuofesi kwa abwana. Ine ndinaima pakhomo ngati ndikudikira kusainitsa pepala. Anawerama pang'ono, manja ali kutsogolo.

"Abwana, ndabwera kudzapepesa. Sabata yatha ndinakwiya, ndinadya paketi ya pa mpita."

"Unadya chiyani?" Abwana anadzuka pampando. "N'chifukwa chake!" Atangotero anatsokomola, poona kuti pulofesa wathunthu wanena zimene samayenera kunena pamaso pa ana. "Ndikutanthauza kuti zimenezo ndi zachibwana."

"Ndi zachibwanadi. Komabe ndikupempha kuti muikepo ina ndi dzanja lanu, monga mumachitira nthawi zonse. Ndiulutse komaliza. Kenako mukalembe kalata yanu ku komiti, sindidzatsutsa."

Pempho lotere palibe mkulu angalikane. Anatsekula kabati, anatulutsa paketi yatsopano, anayang'ana tsiku lake, n'kunyamuka. Titafika tinapeza a Lo ali kale m'chipindamo, akunamizira kuyeza kugwedera kwa pansi. Abwana anazungulira kuseri, anasolola kasingano pa kachikuni kamene amabayapo tizilombo, anabaya pakona ya paketi, n'kuimata pa injini. Anaisisita kawiri ngati mutu wa mwana, kenako anakakhala pampando wawo.

Pei-shan anayatsa fani n'kuisiya izungulire kanthawi. Kenako anatsekula kachitseko. Ntchentche yoyamba inanyamuka, inapita pang'ono, n'kupendekera kumanzere mpaka kukhudza galasi. Yachiwiri inatsatira. Botolo lonse linakhota, mokongola ngati m'makanema aja ndimasunga.

Nkhope ya abwana inamasuka. "Aa! Ndiye zikukhota! Lachisanu lija mwina zinali zotopa."

"Makina akhululuka," anatero a Lo, koma ankayang'ana pansi.

"Abwana, mundilole ndichite chinthu chimodzi chokha," anatero Pei-shan. Anadula kachidutswa ka selotepi, anawaonetsa, anapita kuseri n'kumata pa kabowo kaja. Sanakhudze china chilichonse. Anadikira kuti mpweya wakale utuluke, n'kutsekula botolo lina. Ntchentche zinauluka molunjika. Anabwerera, anamatula selotepi, anadikira, anatsekulanso. Zinakhotera kumanzere.

Sanafotokoze kanthu, ndipo ine ndinadziluma lilime kuti ndisafotokoze m'malo mwake. Abwana anayang'ana galasi, anayang'ana paketi, kenako anatsitsa maso n'kuyang'ana dzanja lawo. Kasingano kaja kanali kakadali pakati pa zala zawo. Ndinaona khosi lawo likufiira pang'onopang'ono mpaka m'makutu. Munthu uja ndi wasayansi weniweni, zimenezo sindingamulande. Sanafunse funso ngakhale limodzi, chifukwa anali atamva zonse.

"Ndi fungo," anatero potsiriza, mawu ali pansi.

"Ndi fungo, abwana. Jini ija ndi ya m'tinyanga, si ya mapiko. Achemwali ali ndi umboni wake. Zimene ndinalemba zija n'zolakwika, ndiyambiranso. Koma zimene ndinaona, ndinaziona."

Abwana anaika kasingano patebulo mosamala. "Nthawi ya msonkhano yakwana," anatero, n'kutsogola.

Anthu anali atakhala kale, aliyense akupewa kuyang'ana Pei-shan, monga amachitira ndi munthu amene akudziwa kuti akuchoka. Ketulo ya tiyi inali pakati pa tebulo. Abwana sanakhale pansi. Anaima kumutu kwa tebulo n'kufotokoza zonse, mosazungulira, koyamba chiwadziwireni: paketi, injini, singano, ndi dzanja limene linkabaya. Anati ku Sendai alembera okha, ndipo atumizako katoni ya mapaketi obiriwira ndi singano imodzi, kuti a Kuramochi akaone kukhotako ndi maso awo. Wina anayamba kuseka, koma anakumeza kusekako poona kuti abwana sakuseka.

"Pa tebulo lino ndinafunsa funso," anapitiriza. "Ndinafunsa munthu wolakwika."

Pei-shan, mwa chizolowezi, anatambasula dzanja kuti atenge ketulo. Abwana anamutsogolera. Anainyamula, anazungulira tebulo lonse mpaka pamene iye anakhala, anathira tiyi m'kapu, n'kuitenga ndi manja awiri kumupatsa. Munthu wa imvi, amene sindinamuonepo akudzithirira ngakhale yekha, anaima chowerama pamaso pa wophunzira wake, nthunzi ikumukwera kumaso.

Pei-shan sanailandire msanga. Anawasiya aime choncho kanthawi, kokwanira kuti aliyense amene anamva funso lija aone. Ine ndinasangalala mpaka misozi inalengeza, ndipo sindinaibise. Kenako mwanayo anaimirira, analandira kapu ndi manja awiri, n'kumwa tiyi yense.